Nyumba ya Matayala ndi Njinga Ziwiri Kumbuyo: Tchuthi cha Opuma Pantchito ku Britain

Chisanu chikangotha ku Britain, cha m'mwezi wa Epulo, m'misewu yolowera kumadera akumidzi mumayamba kuoneka magalimoto oyera a denga lalitali, kumbuyo kwake atamangirira njinga ziwiri. Kutsogolo nthawi zambiri kumakhala bambo ndi mayi aimvi. Awa ndi anthu opuma pantchito, ndipo galimotoyo ndiyo nyumba yawo kwa masabata angapo. Muli bedi, chitofu cha gasi, firiji, thanki ya madzi, ndipo m'magalimoto ambiri muli chimbudzi. Amaima pamalo amodzi masiku atatu kapena anayi, m'mawa n'kumapalasa njinga kapena kuyenda wapansi m'tinjira ta m'minda ndi m'mapiri, madzulo n'kubwerera kudzaphika ndi kugona, kenako n'kusamukira kwina.

Kwa munthu amene anakulira kumene njinga ndi ya kabaza kapena yopitira kuchigayo, ndipo kupuma pantchito kumatanthauza kukamanga nyumba kumudzi n'kukhala phee, khalidweli n'lodabwitsa. N'chifukwa chiyani munthu amene ali ndi nyumba yabwinobwino akasankhe kugona m'galimoto, n'kumadzitopetsa dala? Ogulitsa magalimotowa amayankha kuti ndi ufulu. Ufuluwo ulipodi, koma watsamira pa zinthu zimene anthu ena anamenyera ndi kumanga: njira zololedwa ndi lamulo, penshoni, malo oimapo usiku, ndi pothira za m'chimbudzi. Pamene zimenezi zilipo, tchuthichi chimayenda bwino. Pamene palibe, m'pamene pamabuka mikangano.

Magalimoto ake

Pali mitundu itatu imene anthu amaisokoneza. Kalavani ilibe injini, imachita kukokedwa ndi galimoto ina, ndipo ukafika umaimasula n'kuisiya. Campervan ndi galimoto wamba yonyamulira katundu imene m'kati mwake aikamo bedi ndi kakhitchini, kunja kwake osasintha kwenikweni. Motorhome ndi yaikulupo: amatenga mutu ndi chimango cha galimoto yonyamula katundu, kawirikawiri ya mtundu wa Fiat Ducato, n'kumangapo chipinda chachikulu chokhala ndi shawa ndi chimbudzi. Mitundu iwiri yomalizayi tiitchula pamodzi kuti galimoto yogonamo.

Kusiyana kumeneku n'kumene kumabweretsa njinga. Wa kalavani akaimasula amatsala ndi galimoto yaing'ono yoyendera. Wa galimoto yogonamo akafuna kupita kukagula buledi ayenera kuchotsa chingwe cha magetsi, kutseka gasi, kulongedza mbale kuti zisagwe, ndiyeno kukavutika kupeza poimika chigalimoto cha mamita asanu ndi awiri m'katauni ka misewu yopapatiza. Njinga imachotsa vuto lonselo. Motero njinga zili kumbuyozo si zamasewera okha, ndiyo miyendo ya nyumbayo ikaima.

Kumene zinayambira

Kalavani yoyamba yodziwika yopangidwira kusangalala basi inali ya dokotala wa ku Scotland, William Gordon Stables. Inamangidwa ku Bristol, inkakokedwa ndi mahatchi awiri, ndipo anayamba kuyenda nayo mu 1885 ataitcha The Wanderer. Zinali za anthu olemera. Bungwe la Caravan Club linakhazikitsidwa mu 1907, ndipo mu 2017 linasintha dzina kukhala Caravan and Motorhome Club chifukwa mamembala a magalimoto ogonamo anali atachuluka. Bungwe lina lalikulu, la Camping and Caravanning Club, linayamba mu 1901 ngati kagulu ka anthu oyenda pa njinga atanyamula matenti, motsogozedwa ndi telala wina, Thomas Hiram Holding. Choncho ubale wa njinga ndi kugona kutchire ndi wakale kuposa galimoto yogonamo.

Anthu wamba analowamo pang'onopang'ono. Lamulo la 1938 linatsegula njira yoti antchito ambiri azilandira tchuthi cholipidwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kampani ya Volkswagen inatulutsa kabasi kake kotchuka mu 1950, ndipo chaka chotsatira kampani ya Westfalia inayamba kuikamo zogonera. Ku England kampani ya Martin Walter ya ku Folkestone inachitanso chimodzimodzi ndi magalimoto otchedwa Dormobile. Ambiri mwa anthu amene akupuma pantchito lero anali ana kapena achinyamata m'zaka zotsatira, ndipo amakumbukira matchuthi otere.

Njira zoyendamo sizinabwere zokha

Malo ambiri akumidzi ku England ndi Wales ali ndi eni ake, otchingidwa ndi mipanda. Komabe munthu angathe kudutsa pakati pa munda wa tirigu kapena msipu wa nkhosa wa munthu wina popanda kupempha, malinga akutsata njira imene lamulo limaizindikira. Njira zotere m'mayiko awiriwa zimakwana pafupifupi makilomita 225,000. Pachipata kapena pamtengo amakhomapo muvi: wachikasu ukutanthauza njira ya oyenda pansi okha, wabuluu ukutanthauza njira imene okwera hatchi ndi apanjinga aloledwanso. Apanjinga anapatsidwa chilolezo chimenechi ndi lamulo la 1968. Banja limene lili pa njinga likalowa njira ya muvi wachikasu, mwini munda ali ndi mphamvu yolibweza.

Mapiri ndi zipululu zinali nkhani ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mapiri ambiri a kumpoto kwa England ankasungidwa kuti olemera azisakamo mbalame, ndipo alonda ankathamangitsa aliyense. Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo, ambiri a iwo antchito a m'mafakitale a ku Manchester, anakwera dala phiri la Kinder Scout motsogozedwa ndi Benny Rothman. Panali kulimbana ndi alonda, ndipo asanu anaikidwa m'ndende. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa kukula kwa mphamvu ya tsikuli. Ena amati ndilo linatembenuza zinthu, pamene ena amati zokambirana za zaka zambiri za mabungwe a oyenda pansi n'zimene zinabala zipatso, ndipo ena mwa mabungwewo sanagwirizane n'komwe ndi chionetserocho. Chosakayikitsa ndi zimene zinatsatira. Lamulo la 1949 linakhazikitsa mapaki aboma, ndipo woyamba anali Peak District mu 1951. Njira yaitali ya Pennine Way, ya makilomita pafupifupi 430, inatsegulidwa mu 1965. Lamulo la 2000 linalola anthu kuyenda momasuka m'mapiri ndi m'zipululu zolembedwa pamapu, ndipo Scotland inapitirira apo ndi lamulo lake la 2003 limene limalola kuyenda, kupalasa njinga ndi kukhoma tenti pafupifupi paliponse, bola munthu asamale.

Kwa okalamba apanjinga, mphatso yaikulu inachokera ku tsoka la sitima. Lipoti la Richard Beeching la 1963 linalimbikitsa kutseka makilomita pafupifupi 8,000 a njanji ndi masiteshoni oposa 2,300, ndipo m'zaka zotsatira njanji zambiri zinazulidwa. Sitima sikwera chitunda chachikulu. Amene anamanga njanji ankadula mapiri, kukwirira zigwa ndi kumanga milatho kuti njira ikhale yoyalana. Njanjizo zitachotsedwa panatsala misewu yosalala, yopanda magalimoto, yodutsa m'malo okongola, ndipo n'zimene bondo la munthu wa zaka 70 limafuna. Monsal Trail ku Peak District ndi ya makilomita pafupifupi 14, ndipo mapanga ake oboola phiri anatsegulidwa kwa anthu mu 2011. Camel Trail ku Cornwall imachokera ku Padstow kudutsa Wadebridge ndi Bodmin, mtunda wa makilomita pafupifupi 29. Njira ya pakati pa Bristol ndi Bath inamangidwa kuyambira 1979 ndi anthu ongodzipereka, ndipo gulu lawolo, la Sustrans, ndilo linadzayambitsa ntchito yolumikiza njira za njinga m'dziko lonse mu 1995.

Owoloka nyanja amapeza zofanana. Ku France kuli njira yotsata mtsinje wa Loire, ndipo ku Germany ndi Austria kuli ya m'mbali mwa Danube, kuchokera ku Passau kukafika ku Vienna, mtunda woposa makilomita 300. Mitsinje ikuluikulu nayo imayenda m'zigwa zoyalana.

Bwanji makamaka opuma pantchito?

Chifukwa choyamba ndi nthawi. Wapantchito ali ndi masabata ochepa pachaka, ndipo wa ana asukulu amayenda mu Julayi ndi Ogasiti pamene malo ndi odzaza ndiponso odula. Wopuma pantchito amanyamuka Lolemba mu Meyi kapena Seputembala, amatha kudikira kuti mvula ithe, ndipo akapeza malo omusangalatsa amawonjezera masiku.

Chachiwiri ndi ndalama zobwera pakamodzi. Kuyambira mu Epulo 2015 malamulo a ku Britain amalola munthu wa zaka 55 kutapa ndalama za penshoni imene ankasonkha kuntchito momwe angafunire, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi nthawi zambiri sililipitsidwa msonkho. Ena amagulitsa nyumba yaikulu ana akachoka n'kugula yaing'ono. Galimoto yogonamo yatsopano kawirikawiri imadutsa mapaundi 50,000, choncho tisadzinamize kuti ndi tchuthi cha aliyense. Amene amadalira penshoni ya boma yokha sangaikwanitse.

Chachitatu, chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndi thupi. Munthu akamakula amafuna bedi limene analizolowera, chimbudzi chapafupi usiku, firiji yosungira mankhwala, ndi chakudya chophikidwa momwe dokotala analangizira. Tenti siipereka zimenezi, ndipo ulendo wa pandege umafuna kukoka masutikesi ndi kuima pamizere. M'galimoto yogonamo munthu amalongedza kamodzi kokha. Galu nayenso amapita nawo, ndipo kwa mabanja ambiri a ku Britain imeneyi si nkhani yaing'ono.

Mliri wa Covid-19 mu 2020 ndi 2021, pamene maulendo a kunja anali ovuta, unakokera anthu ambiri atsopano ku magalimotowa, ndipo mitengo inakwera.

Sikelo ndi laisensi

Apa m'pamene ongoyamba kumene amapunthwa. Laisensi wamba ya ku Britain imalola kuyendetsa galimoto ya dizilo kapena petulo yosapitirira makilogalamu 3,500 itanyamula zonse. Amene anakhoza mayeso pasanafike 1 Januwale 1997 anapatsidwanso chilolezo cha magalimoto ofika makilogalamu 7,500, koma munthu akakwanitsa zaka 70 laisensi iyenera kukonzedwanso zaka zitatu zilizonse, ndipo kuti asunge chilolezo cha galimoto yaikulu ayenera kupimidwa ndi dokotala. N'chifukwa chake opanga magalimotowa amayesetsa kuti ambiri alembedwe 3,500, ngakhale atadzazamo zinthu zolemera.

Tiyerekeze galimoto imene ikulemera makilogalamu 3,050 ili ndi dalaivala ndi mafuta. Patsala 450. Mnzake wa dalaivalayo atenga mwina 75. Thanki ya madzi ya malita 100 ikadzaza ndi makilogalamu 100. Njinga ziwiri zamagetsi, iliyonse ya makilogalamu pafupifupi 25, pamodzi ndi chitsulo chomangirapo, zikuyandikira 70. Apa patsala pang'ono kupitirira 200, tisanawerenge mabotolo a gasi, batire yachiwiri, sola ya padenga, mipando, zovala, nsapato zoyendera m'mapiri, chakudya ndi galu. Malire amadutsidwa munthu osazindikira.

Palinso nkhani ya pamene katunduyo wakhala. Njinga zimalendewera kumbuyo kwenikweni, kutali ndi matayala akumbuyo, ndipo katundu wokhala pamenepo amatsindikiza matayalawo koposa kulemera kwake kwenikweni, kwinaku akupepuza kutsogolo. Aliyense amene anaonapo njinga yosenza matumba a makala pakaliyala ikufuna kudzutsa tayala lakutsogolo akudziwa mmene zimachitikira. Zotsatira zake ndi chiwongolero chopepuka, mabuleki ochedwa kugwira, ndi matayala otentha. Apolisi akaipeza yolemera mopitirira pali chindapusa, ndipo pakachitika ngozi a inshuwalansi angathe kuvuta. Njira yodziwira ndi imodzi: kupita nayo pa sikelo ya magalimoto italongedzedwa ngati ya paulendo, n'kuyeza yonse, kenako matayala akumbuyo paokha. Ozolowera amayenda ndi madzi ochepa n'kukadzaza akafika, ndipo amachotsa mabatire a njinga n'kuwaika m'kati.

Malire ena ndi a masiku. Kuyambira 1 Januwale 2021, Britain itatuluka mu European Union, nzika zake zimaloledwa kukhala m'mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Mabanja amene ankathawa chisanu n'kukakhala ku Spain kapena Portugal miyezi isanu tsopano amachita kuwerenga masiku pakalendala.

Za thanzi: zodziwika ndi zokayikitsa

Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo limawonjezera zolimbitsa minofu ndi zothandiza kuti munthu asamadzandire. Kuti kuyenda ndi kupalasa njinga kumathandiza mtima, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga, palibe amene akutsutsa. Banja loyenda maola awiri patsiku limadutsa mlingowu mosavuta.

Chovuta kutsimikiza n'chakuti tchuthi chamtunduwu pachokha chimawonjezera thanzi. Anthu amene amachita zimenezi amakhala kale ndi mphamvu ndiponso ndalama, ndipo zonse ziwirizi zimayendera limodzi ndi moyo wautali. Komanso masabata ochepa a m'chilimwe sangalowe m'malo mwa kuyenda kwa chaka chonse. Kuyenda ndi kupalasa sikulimbitsa kwenikweni manja ndi msana, choncho mbali ina ya malangizo aja imatsalira.

Njinga yamagetsi yasintha zinthu kwambiri. Malamulo a ku Britain ndi European Union amaitenga ngati njinga wamba ngati mota yake siposa mawati 250 ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Ena amainyoza kuti ndi ya alesi, koma kafukufuku amasonyeza kuti wokwerapo amagwirabe ntchito yokwanira kufulumizitsa mtima, ndipo amayenda mitunda italiitali. Ubwino wake waukulu kwa banja ndi wakuti imafananitsa mphamvu: amene ali ndi nyamakazi sasiyidwanso m'mbuyo pachitunda. Kuipa kwake ndi kulemera. Okalamba ambiri amagwa pokwera, potsika kapena pokhota pang'onopang'ono, osati pothamanga. Ku Netherlands, kumene anthu amapalasa njinga mpaka ukalamba, okalamba ndi gawo lalikulu la apanjinga ofa pangozi, koma akatswiri sanagwirizane ngati vuto ndi njinga yamagetsiyo kapena kungoti okalamba ambiri tsopano ali pamsewu ndipo thupi lawo silipirira kugwa.

Zoopsa zina n'zodziwika bwino. Chitofu kapena chotenthetsera cha gasi chikawonongeka chimatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo, motero kachipangizo kochenjeza n'kofunika m'galimoto iliyonse. Ng'ombe zoyamwitsa zimatha kuthamangitsa anthu odutsa m'msipu, makamaka a galu, ndipo malangizo ake ndi akuti zikayamba kutero galuyo amasulidwe. Nkhupakupa za m'maudzu zimafalitsa matenda a Lyme.

Mkangano waukulu: kugona pati, kutaya kuti

Galimoto yogonamo ingathe kukhala masiku awiri kapena atatu osafuna kanthu kwa aliyense. Kenako kathanki ka chimbudzi kamadzaza, madzi otsukira mbale ndi osamba amafuna potayira, ndipo madzi akumwa amatha. Dziko lililonse linayankha funsoli mosiyana.

France inasankha kulandira. Matauni ndi midzi yambiri ili ndi malo otchedwa aire, oimikapo magalimoto ogonamo usiku pamtengo wochepa kapena ulere, okhala ndi mpopi ndi dzenje lothiramo nyansi. Maganizo ake ndi akuti mlendo akagona pafupi ndi msika, m'mawa agula buledi. Germany ili ndi malo ofanana otchedwa Stellplatz. Britain inatsata njira ina: malo olipira a mabungwe ndi a anthu amalonda, kuphatikizapo timalo ta m'mafamu timene lamulo la 1960 limalola kuti tilandire magalimoto asanu okha a mamembala a bungwe. Makhonsolo ambiri, makamaka a m'mphepete mwa nyanja, amaletsa kugona m'malo oimika magalimoto, ndipo ena anaika mipiringidzo yam'mwamba kuti galimoto yaitali isalowe.

Ku Scotland kuli kusamvetsetsa kumene kwazika mizu. Alendo ambiri amaganiza kuti lamulo la 2003 limawalola kuima paliponse, koma lamulolo silikhudza magalimoto. Ndi la munthu wapansi, wapanjinga, wapahatchi kapena wa bwato lopalasa. Vutoli linaonekera kwambiri pa msewu wa North Coast 500, wa makilomita pafupifupi 830, umene unayamba kutsatsidwa kwa alendo mu 2015, wozungulira kumpoto kuchokera ku Inverness. Mbali zambiri za msewuwu zimakwana galimoto imodzi, ndipo pali timalo topatukira kuti anthu apishane. Anthu a m'midzi ya kumeneko amadandaula za madalaivala osadziwa kubwerera m'mbuyo, za oimika m'malo opatukirawo ndi pafupi ndi manda, ndiponso za nyansi zothiridwa m'ngalande.

Mbali ziwiri zimakokana motere. Otsutsa amati alendowa amagula zonse m'sitolo yaikulu ya m'tauni asananyamuke, salipira pogona, koma amawononga misewu imene anthu ochepa a m'deralo amaikonza ndi misonkho yawo. Eni malo ogona olipira amawonjezera kuti khonsolo ikatsegula malo otsika mtengo ikuwalanda malonda, pamene iwo amatsata malamulo okhwima a zamoto ndi zaukhondo. Oikira kumbuyo amati opuma pantchito amabwera miyezi imene alendo ena kulibe, amadya m'malesitilanti ndi kugula mafuta, ndipo osokoneza ndi ochepa, kawirikawiri obwereka galimoto kwa sabata imodzi osaphunzitsidwa. Kuchuluka kwa ndalama zimene amasiya m'dera n'kovuta kuyeza, ndipo ziwerengero zambiri zimachokera kwa amene ali mbali imodzi ya mkanganowo. Poona zonse, kuletsa kokha popanda kumanga potayira kumangosamutsira vutolo m'mudzi wotsatira, pakuti kathanki kaja kamadzazabe.

Portugal inayesa njira zonse ziwiri m'chaka chimodzi. Mu Januwale 2021 inaletsa kugona m'galimoto kunja kwa malo ovomerezeka, ndipo patangopita miyezi ingapo inafewetsa lamulolo n'kulola maola 48 m'dera la khonsolo imodzi, kupatula malo otetezedwa.

Kodi n'chotchipa? Kodi chimasamala chilengedwe?

Pa mtengo, yankho limadalira masiku amene galimoto imagwira ntchito. Inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, kupimitsa chaka ndi chaka, posungira, ndi kutsika kwa mtengo wake zimalipidwa ngakhale itangokhala pabwalo. Mdani wake wamkulu ndi chinyontho cholowa m'malumikiziro a denga n'kuoletsa makoma mwakachetechete. Banja loyenda miyezi itatu pachaka limapindula. Loyenda masabata awiri likanachita bwino kubwereka.

Pa chilengedwe, ambiri mwa magalimotowa ndi a dizilo ndipo amamwa pafupifupi malita 10 pa makilomita 100. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa makilogalamu oposa 2.6 a mpweya wotenthetsa dziko, choncho ulendo wa makilomita 2,000 umatulutsa oposa theka la tani. Kwa anthu awiri, zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi ulendo wautali wa pandege, koma n'zambiri poyerekeza ndi kukwera sitima. Kachitidwe kamene tafotokoza, koimika galimoto masiku angapo n'kumayenda pa njinga, kamachepetsa mafuta kwambiri kuposa kuyendetsa tsiku ndi tsiku. Magalimoto akale a dizilo akupanikizidwanso ndi malamulo a utsi: London inafutukula dera lake lolipiritsa magalimoto otere kufika mumzinda wonse mu Ogasiti 2023. Ogonamo amagetsi ayamba kupezeka, koma batire yake ndi yolemera, ndipo imadya gawo la makilogalamu omwe aja amene njinga ndi madzi zikulimbirana kale.